Ntchito zokopa alendo ku Phalombe pambuyo pa Namondwe Freddy

Ntchito zokopa alendo m'boma la Phalombe, kum'mwera kwa dziko la Malawi, zimadalira kwambiri phiri la Mulanje, phiri la Michesi ndi malo a mbiri yakale a Fort Lister. Mu Malichi 2023, Namondwe Freddy anabweretsa mvula yoopsa yomwe inagumula mapiriwa, kupha anthu ambiri, kukokolola midzi ndi kudula misewu. Kuchokera nthawi imeneyo alendo ayambanso kukwera phirili, ndipo mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri pa dziko lonse. Komabe kuyambiranso kwa ntchitoyi sikukuyenda mofanana mbali zonse. Ku Phalombe kulibe mahotela akuluakulu oti akangokonzedwa zinthu zibwerere mwakale. Chomwe mlendo amalipira kumeneko ndi njira za m'phiri, milatho ndi anthu a m'midzi omwe amamuperekeza, choncho ntchito zokopa alendo zimachira pokhapokha midzi, misewu ndi nkhalango zikachira.

Malo ndi zokopa alendo

Boma la Phalombe linakhazikitsidwa mu 1998 litapatulidwa ku boma la Mulanje. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'bomali munali anthu 429,450. Ambiri mwa iwo ndi Alhomwe, ndipo amadalira ulimi wa chimanga, nandolo, mpendadzuwa, mpunga ndi fodya. Kum'mawa bomali lachita malire ndi dziko la Mozambique, kumpoto kuli nyanja ya Chilwa, ndipo kum'mwera kuli phiri la Mulanje.

Phiri la Mulanje ndi lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 650, ndipo lili m'maboma awiri, Mulanje ndi Phalombe. Nsonga yake yaitali kwambiri, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, kuposa phiri lina lililonse m'Malawi. Chifukwa choti linatumphuka pakati pa chigwa ndipo nthawi zambiri mitambo imalizinga m'chiuno, anthu amalitcha chilumba cha mumlengalenga. Linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 2000 bungwe la UNESCO linalizindikira ngati malo osungirako zachilengedwe.

Alendo ambiri amayambira ulendo wawo ku Likhubula, mbali ya Mulanje, komwe kuli ofesi ya zankhalango, malo ogona ndi Dziwe la Nkhalamba. Khomo la mbali ya Phalombe lili pa Fort Lister, pampata wolekanitsa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Linga la Fort Lister linamangidwa ndi Angerezi mu 1893 pofuna kutseka njira yomwe ogulitsa akapolo ankadutsa popita kugombe la nyanja ya mchere, ndipo mabwinja ake alipobe. Kuchokera pamenepo njira imakwera kukafika ku nyumba yogona ya Sombani, pomwe okwera phiri amanyamukira popita ku nsonga za Namasile ndi Matambale, kapena kupitirira mpaka ku Chinzama ndi Thuchila.

Kupatula phiri, bomali lili ndi zina zomwe zingakope alendo. Nyanja ya Chilwa, yomwe inalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 1997, ili ndi mbalame za m'madzi zamitundumitundu. Gule wa tchopa wa Alhomwe anaikidwa pa mndandanda wa UNESCO wa miyambo yofunika kuisunga mu 2014.

Omwe amadyerapo

Pamwamba pa phiri la Mulanje pali nyumba zogona pafupifupi khumi, monga Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Minunu, Madzeka ndi Sombani. Nyumbazi ndi zosavuta, zilibe magetsi ochokera ku Escom, ndipo pa iliyonse pamakhala mlonda yemwe amasamala malowo ndi kuthandiza alendo pa nkhani ya nkhuni ndi madzi. Zambiri zili m'manja mwa nthambi ya zankhalango, mothandizana ndi bungwe la Mountain Club of Malawi ndi la Mulanje Mountain Conservation Trust. Palibe msewu wa galimoto wofika pamwamba. Chilichonse, kuyambira ufa mpaka malata okonzera denga, chimakwera pamutu kapena pamsana pa munthu.

Ndi chifukwa chake ndalama zambiri za ulendo wa m'phiri zimapita kwa anthu wamba. Mlendo amalipira polowa m'nkhalango ndi pogona, kenako amalemba womuperekeza ndi omunyamulira katundu, omwe amalipidwa pa tsiku. Amagula chakudya pamsika, amakwera kabaza kapena minibasi, ndipo pobwerera amagula ziboliboli. Operekeza alendo ndi onyamula katundu ambiri ndi anyamata ndi abambo a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, ndipo pafupifupi onse ndi alimi. Ntchito ya m'phiri imawathandiza kugula feteleza, kulipira sukulu ndi kudutsa miyezi ya njala.

Nyengo yabwino yokwera phiri ndi yachilimwe, kuyambira cha mu Epulo kapena Meyi mpaka Okutobala. M'dzinja miyala imaterera ndipo mitsinje imadzaza mwadzidzidzi. Namondwe Freddy anafika kutangotsala milungu yochepa kuti nyengo ya alendo iyambe, panthawi yomwe chimanga chinali chisanakololedwe.

Namondwe Freddy

Freddy anayambira kumpoto chakumadzulo kwa Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, ndipo anawoloka nyanja yonse ya Indian. Anadutsa kumpoto kwa zilumba za Mauritius ndi Réunion, nafika ku Madagascar pa 21 Febuluwale, kenako ku Mozambique pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale. Anabwereranso panyanja, natenga mphamvu zina, ndipo pa 11 Malichi anagweranso pamtunda pafupi ndi Quelimane. Bungwe loona zanyengo pa dziko lonse la World Meteorological Organization linatsimikiza mu 2024 kuti Freddy anakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense yemwe anayezedwapo.

Pofika ku Malawi mphepo yake inali itachepa mphamvu. Chomwe chinawononga kwambiri ndi mvula. Mpweya wonyowa wochokera kunyanja utagunda mapiri a Mulanje ndi Michesi, unakwera m'mwamba n'kukhuthula madzi kwa masiku angapo osaleka. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yokwana mamilimita 1,078 m'masiku anayi, yoposa yomwe madera ambiri a m'Malawi amalandira chaka chonse.

Pa 13 Malichi mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti chigawo cha kum'mwera chagwa m'ngozi, ndipo pambuyo pake analamula masiku 14 okhuza maliro. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA inati anthu 679 anamwalira ndipo oposa 500 anasowa, kotero kuti onse pamodzi anapitirira 1,000. Anthu oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo, ndipo oposa 2 miliyoni anakhudzidwa. Kafukufuku yemwe boma linachita ndi mabungwe othandiza anapeza kuti katundu wowonongeka ndi chuma chotayika zinakwana madola a ku America pafupifupi 507 miliyoni, ndipo kukonzanso kunkafuna pafupifupi 680 miliyoni.

Napolo

Anthu a kum'mwera kwa Malawi amatchula kugumuka kwa phiri kotere kuti napolo. M'chikhulupiriro cha makolo, napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chomwe chikamasamuka kupita kunyanja chimasiya chiwonongeko m'njira yake. Akatswiri a za nthaka amafotokoza kuti dothi la m'mapiri otsetsereka ndi losaya ndipo linakhala pathanthwe. Likakhuta madzi limasendemuka, n'kusakanikirana ndi miyala ndi mitengo, ndipo limatsika m'zigwa za mitsinje mwaliwiro ngati phala. Miyala ina imakhala yaikulu ngati nyumba.

Ngozi yotereyi si yachilendo ku Phalombe. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndipo tauni ya Phalombe inawonongeka kwambiri. Mu Disembala 1946 zoterezi zinachitikanso ku Zomba. Chomwe chasintha ndi kufulumira kwa anamondwe amphamvu. M'zaka zochepa chigawo cha kum'mwera chaona Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, Chido mu Disembala 2024 ndi Jude mu Malichi 2025. Akatswiri a zanyengo amati kutentha kwa nyanja chifukwa cha kusintha kwa nyengo kukuchititsa kuti anamondwe azinyamula mvula yochuluka.

Zomwe zinawonongeka

Mbali ya kum'mawa kwa phiri, kuchokera ku Muloza m'boma la Mulanje mpaka ku Nkhulambe ndi Chiringa m'boma la Phalombe, ndi yomwe inaona zakuda kwambiri. Ku Nkhulambe matope ndi mchenga zinakwirira nyumba, minda, malo ochitira malonda ndi chipatala chaching'ono cha m'deralo. Kwa masiku ambiri madera ena sankafikika pagalimoto, moti thandizo linkapita pa ndege za helikopita, zina zochokera ku Tanzania ndi ku Zambia. Mitsinje ina inasiya njira zake zakale n'kudzipangira zatsopano pakati pa midzi.

Pa ntchito zokopa alendo, chiwonongekochi chinafika m'njira zinayi. Yoyamba ndi misewu ndi milatho. Msewu wa tala wochokera ku Zomba kudzera ku Jali ndi Phalombe mpaka ku Chitakale, ndi wochokera ku Chiringa kupita ku Muloza, ndi yomwe imazungulira phirili. Mlatho umodzi ukaduka, mlendo sangafike pakhomo la nkhalango, ngakhale pamwamba pa phiri zonse zitakhala bwino.

Yachiwiri ndi njira za m'phiri momwemo. Njirazi zimatsata zigwa ndi kuwoloka mitsinje, malo omwe napolo amadutsa. Pomwe nthaka inagumuka panatsala mathanthwe oyera, ndipo mikwingwirima yake imaoneka patali ngati zipsera pankhope ya phiri. Njira yotere imafunika kuilambulanso kapena kuipatutsa, ndipo ntchito yonseyo ndi ya makasu ndi zikwanje.

Yachitatu ndi madzi. Midzi ndi matauni ambiri a ku Phalombe amamwa madzi a m'mipope yoyenda yokha kuchokera m'phiri, yomwe inayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1970. Malo otengera madziwa ali m'mitsinje momwe munadutsa miyala, choncho ambiri anaphwasuka. Izi zinachitika dziko lili pakati pa mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700. Malo ogona alendo opanda madzi aukhondo sangalandire anthu.

Yachinayi, yomwe ndi yaikulu koposa, ndi anthu. Mabanja omwe amaperekeza alendo ndi omwewo omwe anaferedwa, kugwetsedwa nyumba ndi kukokoloredwa minda. Ambiri anakhala m'misasa ya m'masukulu ndi m'matchalitchi kwa milungu kapena miyezi. Minda yokwiririka ndi mchenga ndi miyala sibereka msanga. Motero banja lomwe kale linkadalira zinthu ziwiri, munda ndi phiri, linataya zonse nthawi imodzi.

Kuyambiranso

Freddy anapeza ntchito zokopa alendo zikungodzuka kumene kuchokera ku mliri wa COVID-19, womwe unaimitsa maulendo a pakati pa mayiko kuyambira mu 2020. Nkhani za namondwe zitamveka kunja, zithunzi za ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre ndi za m'tsinde mwa phiri la Mulanje zinafalikira pa dziko lonse. Mlendo wakutali sasiyanitsa boma ndi boma. Akamva kuti kum'mwera kwa Malawi kwagwa ngozi, amatha kusintha ulendo wonse.

Mbali ya Likhubula inali ndi mwayi woyambiranso msanga. Ili pafupi ndi msewu waukulu wochokera ku Blantyre, ili ndi malo ogona ambiri, ndipo maofesi a mabungwe osamala phiri ali pa boma la Mulanje. Mpikisano wothamanga m'phiri wa Mount Mulanje Porters Race, womwe umachitika cha mu Julaye, umayambira ndi kuthera ku Likhubula. Chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe, chomwe chimachitika mu Okutobala, chili pa Chonde, m'boma la Mulanje lomwelo. Mbali ya Fort Lister, ngakhale namondwe asanabwere, inkalandira alendo ochepa poyerekeza ndi Likhubula, ndipo ambiri ofika ku Sombani amakhala oti ayenda masiku angapo kuchokera mbali inayo. Ndalama zawo zambiri zimakhala zatsala kale ku Mulanje.

M'miyezi yoyamba, ndalama za boma ndi za mabungwe zinapita ku chakudya, mankhwala, misasa ndi milatho yongoyembekezera. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya Tigwirane Manja, ndipo atsogoleri akale a dziko, Bakili Muluzi ndi Joyce Banda, anapemphedwa kuthandiza kusonkhanitsa thandizo ndi kumangira nyumba anthu okhudzidwa. Mu 2023 momwemo Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loyendetsera ntchito za ngozi zogwa mwadzidzidzi, lomwe mwa zina limapereka mphamvu zoletsa anthu kukhala m'malo oopsa. Kusamutsa anthu kwakhala kovuta chifukwa malo ndi ochepa, ndipo pomwe pali chiopsezo cha napolo ndi pomwenso pali nthaka yachonde, madzi ndi manda a makolo.

Boma linayesanso kukopa alendo akunja. Ntchito zokopa alendo zinaikidwa pamodzi ndi ulimi ndi migodi ngati mizati itatu ya chuma, ndipo mu Febuluwale 2024 boma linachotsa chiphaso cha viza kwa nzika za mayiko 79. Koma mavuto ena anabwera motsatizana. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, zomwe zinakweza mtengo wa simenti, malata ndi zipangizo zina zomangira. Kusowa kwa mafuta a galimoto kunapangitsa maulendo kukhala ovuta, ngakhale kwa Amalawi eniake ofuna kukaona phiri. Mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28 chifukwa cha El Niño. Chaka chomwecho madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera kwambiri n'kulowa m'malo ena ogona alendo a m'mbali mwa nyanjayo. Mu Malichi 2025 Namondwe Jude anagwetsanso nyumba m'maboma a kum'mwera, kuphatikizapo Phalombe. Anthu ambiri sanapeze mpata wopuma pakati pa ngozi ina ndi inzake.

Kufananitsa ndi zilumba

Mayiko a pazilumba omwe chuma chawo chimadalira alendo ndi omwe amadziwika kwambiri pa nkhani yoyambiranso namondwe akadutsa. Ku Mauritius ndi ku zilumba zambiri za ku Caribbean, ntchitoyi imazungulira mahotela a m'mbali mwa nyanja. Mahotelawo amakhala ndi inshuwalansi, eni ake amatha kubwereka ndalama kubanki, ndipo boma limathamangira kukonza bwalo la ndege, doko ndi magetsi. Kuchira kumayezedwa powerenga zipinda zomwe zatsegulidwanso ndi ndege zomwe zayambanso kutera.

Chilumba chomwe chikufanana kwambiri ndi Phalombe ndi Dominica, ku Caribbean, komwe alendo ambiri amapitira mapiri, nkhalango ndi mathithi. Mu Seputembala 2017 Namondwe Maria anawononga katundu woposa kawiri chuma chomwe dzikolo limapanga pa chaka. Njira yoyenda pansi ya Waitukubuli, yotalika makilomita pafupifupi 185, inatsekeka ndi mitengo yakugwa ndi nthaka yogumuka. Boma la Dominica linalengeza cholinga chomanganso dzikolo m'njira yopirira ku anamondwe, ndipo mu 2018 linakhazikitsa bungwe lapadera loyendetsa ntchitoyo. Mayiko a ku Caribbean alinso ndi thumba la inshuwalansi la CCRIF, lomwe linayamba mu 2007 ndipo limalipira boma m'masiku ochepa namondwe akafika pa mlingo womwe anagwirizana. Mu Africa muli bungwe lofanana nalo la African Risk Capacity, lomwe dziko la Malawi lagulako inshuwalansi ya chilala.

Kusiyana kwake ndi kwakuti ku Phalombe ogwira ntchito yokopa alendo ambiri sali pa ntchito yolembedwa. Wonyamula katundu alibe malipiro a pamwezi, penshoni kapena inshuwalansi. Mwini nyumba yogona alendo ya zipinda zochepa pa Migowi kapena pa boma sangapeze ngongole mosavuta pomwe chiwongoladzanja cha kubanki chili chokwera. Zotayika za anthu otere siziwonekera bwino m'mawerengero a boma, chifukwa kulephera kwa ulendo womwe mlendo sanabwere sikusiya khoma lakugwa loti munthu akaliyeze.

Nkhalango

Funso lina lomwe namondwe anadzutsa ndi la mitengo. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe ndi mtengo wa fuko la Malawi ndipo mwachilengedwe umamera m'phirili mokha, watsala pang'ono kutha chifukwa cha kudula mozemba ndi moto wa m'tchire. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Kuyambira mu 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International akhala akuthandiza magulu a m'midzi kufesa mbande za mkungudza m'nazale, kuzigula kwa iwo ndi kukazibzala pamwamba. M'munsi mwa phiri, nkhalango zachilengedwe zachepa chifukwa cha makala, nkhuni, matabwa ndi minda yokwera m'mapiri.

Akatswiri amachenjeza kuti mvula yochuluka ngati ya Freddy ingagumule phiri ngakhale pali mitengo, ndipo malo ena anagumuka pamwamba pomwe sipalimidwa. Komabe amavomerezana kuti nkhalango imachepetsa liwiro la madzi, imagwira dothi ndipo imateteza magombe a mitsinje. Apa ndi pomwe ntchito zokopa alendo zimakumana ndi chitetezo cha midzi. Mnyamata wodziwa njira zonse za m'phiri akasowa mlendo womuperekeza, ntchito ina yomwe ili pafupi ndi kucheka matabwa kapena kuotcha makala. Njala ikakula pambuyo pa namondwe kapena chilala, nkhalango ndi yomwe imakhala pothawira. Ikatha, alendo amachepa, ndipo madzi a mvula yotsatira amatsika mwaukali woposa.

Ulemu wa UNESCO ndi nkhani ya migodi

Mu Julaye 2025, pa msonkhano wa ku Paris, komiti ya UNESCO inavomereza phiri la Mulanje kukhala malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse. Awa ndi malo achitatu a m'Malawi pa mndandandawu, kutsatira paki ya nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Chifukwa chachikulu chinali ubale wa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ndi phirili, lomwe amaliona ngati mokhala mizimu ya makolo ndi malo operekera nsembe.

Ulemuwu umatchukitsa dzina la phiri, koma subwera ndi ndalama zokonzera milatho kapena nyumba zogona. Umapatsanso boma udindo woteteza malowo. Pamwamba pa phirili, makamaka ku Lichenya, pali miyala ya bokisaiti yopangira aluminiyamu, ndipo maganizo ofuna kuikumba akhala akutsutsidwa ndi mafumu, mabungwe a zachilengedwe ndi ogwira ntchito zokopa alendo, poopa kuwononga magwero a madzi. Mitsinje ya Ruo, Thuchila, Likhubula, Lichenya, Phalombe ndi Sombani imachokera m'phirili, ndipo ngakhale mzinda wa Blantyre umatengako madzi ku Likhubula. Kunja kwa nkhalango yotetezedwa, paphiri la Songwe m'boma la Phalombe, kampani ya Mkango Resources ikukonzekera mgodi wa miyala yosowa, ndipo inasainirana pangano ndi boma mu 2024. Ofuna migodi amanena za ntchito ndi ndalama zakunja. Okayikira amakumbutsa kuti dera lomwe linalandira mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi limafuna kusamala kwakukulu posunga zotsalira za mumgodi.

Zomwe zatsala

Zinthu zingapo ndi zomwe zidzaonetse ngati mbali ya Phalombe idzapindule ndi kubwerera kwa alendo. Choyamba ndi misewu ndi milatho yozungulira phiri, makamaka msewu wokwera ku Fort Lister ndi wa pakati pa Chiringa ndi Muloza, ndi kumangidwa kwake m'njira yoti ipirire madzi ngati a mu 1991 ndi 2023. Chachiwiri ndi machenjezo. Nthambi yoona zanyengo inachenjeza za Freddy masiku angapo asanafike, koma anthu ambiri ankayembekezera madzi osefukira a m'zigwa osati kugumuka kwa mapiri. Pamwamba pa phiri netiweki ya foni imapezeka malo ochepa, choncho uthenga wofika msanga kwa alonda a nyumba zogona ndi kwa operekeza alendo ungapulumutse miyoyo.

Chachitatu ndi kusamala malo a Fort Lister ndi kuwalumikiza ndi zina zomwe bomali lili nazo, monga tchopa, phiri la Michesi ndi nyanja ya Chilwa, kuti mlendo akhale ndi chifukwa chogona usiku ku Phalombe m'malo mongodutsa. Chachinayi ndi alendo a m'dziko momwemo. Ana asukulu, magulu a m'matchalitchi ndi achinyamata a m'mizinda ya Blantyre ndi Zomba safuna ndege kapena viza, amadziwa msanga msewu ukakonzedwa, ndipo amatha kubwerera pomwe alendo akunja akadali ndi mantha.

Chachisanu ndi gawo la ndalama lomwe limatsala m'midzi. Ku zilumba zokhala ndi mahotela, chizindikiro cha kuchira ndi tsiku lotsegulanso zitseko. Ku Phalombe nkhalango sinakhale ndi chitseko chotere. Muyeso wake ndi masiku omwe woperekeza alendo wa m'tsinde mwa Michesi wagwira ntchito pa chaka, ngati banja lake lili ndi nyumba pamalo otetezeka, ndi ngati mbande za mkungudza zobzalidwa pamwamba zapulumuka moto wa chilimwe.